Domoso pa splint ya hatchi: mankhwala abwino, koma ambiri amawagula nthawi itapita kale

M'makola ambiri a mahatchi, kaya ku Kyalami kufupi ndi Johannesburg kapena ku Summerveld ku KwaZulu-Natal, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito yosamalira mahatchi, simulephera kupeza kabotolo kapena kachubu ka DMSO, mankhwala opaka ochepetsa kutupa, pashelefu ya mankhwala. Hatchi ikangotuluka splint, kachotupa kolimba ka m'munsi mwa bondo, dzanja limathamangira pomwepo. Mtundu umene tikuunena pano ndi Domoso Gel wa kampani ya Zoetis, amene ali ndi 90 peresenti ya dimethyl sulfoxide, lomwe ndi dzina lonse la DMSO. Kumadera ena mupeza DMSO wa mayina ena, koma zambiri zimene tinene zikukhudza onsewo.

Maganizo athu tiwanene msangamsanga. Pa splint yatsopano, yotentha, ya masiku ochepa, Domoso amagwira ntchito imene anapangidwira. Koma pa hatchi imene yatha miyezi iwiri ikutsimphinabe, kupitiriza kupaka n'kungotaya ndalama, ndipo choipa kwambiri n'chakuti kumachedwetsa kupeza chimene chikuvuta kwenikweni.

Kuti zimenezi zimveke, tiyambire pa mwendo weniweniwo. Kuchokera pabondo kufika pamfundo ya m'munsi pali fupa lalikulu lotchedwa cannon. Kumbuyo kwake, mbali iyi ndi iyo, kuli timafupa tiwiri tating'ono, tokhuthala kumtunda n'kumawonda potsika, mpaka kuthera pa kamutu kooneka ngati batani. Timafupa timeneti ndiye ma splint bone. Kalikonse kamalumikizika ku cannon ndi mtsempha wopyapyala wokhala pakati pa mafupa awiriwo. Hatchi ikadali yaing'ono mtsemphawu umakhala wofewa, ndipo ikamakula umasanduka fupa pang'onopang'ono. N'chifukwa chake vutoli limakonda mahatchi a zaka 2 mpaka 5 amene angoyamba ntchito yolemetsa. Mtsempha uja ukang'ambika, kapena khungu lokuta fupa likamenyedwa ndi chiboda cha mwendo winawo, thupi limayankha pomanga fupa latsopano pamalopo. Chotupa chimene mumachiona chija poyamba chimakhala madzi ndi minofu yotupa, kenako chimalimba n'kukhala fupa lenileni.

Nthawi zambiri chimatuluka mkati mwa mwendo wakutsogolo, masentimita 6 kapena 8 kutsika kuchokera pabondo. Si mwangozi. Kafupa ka mkati kamasenza mwachindunji limodzi la mafupa a bondo, motero nthawi iliyonse hatchi ikaponda, kamakankhidwira pansi kuposa kanzake ka kunja. Hatchi imene cannon yake inakhala chakunja pang'ono kwa bondo imalemetsa kafupa kameneka kuposa muyeso, ndipo imene ziboda zake zinayang'ana kunja imaponya mwendo chamkati poyenda n'kudzimenya yokha.

Tsono Domoso amalowa pati? DMSO ndi mankhwala akale ndithu. Anapangidwa koyamba mu 1866 ndi katswiri wa ku Russia, Alexander Zaytsev, ndipo kwa nthawi yaitali ankadziwika ngati chosungunulira zinthu m'mafakitale, chotsalira pa ntchito yopanga mapepala. Mphamvu yake ili pawiri. Amachepetsa kutupa ndi ululu, komanso amadutsa pakhungu m'mphindi zochepa, atanyamula chilichonse chimene wachipeza pamenepo. Chikalata cha Domoso chimanena momveka kuti ndi wa kutupa kwatsopano kobwera chifukwa cha kuvulala. Sichilonjeza kusungunula fupa, ndipo palibe mafuta opaka amene angachite zimenezo.

Muyeso wake pa hatchi ndi kupaka kawiri kapena katatu patsiku, osapitirira magalamu 100 patsiku, komanso osapitirira masiku 30. Pa splint imodzi simungafike n'komwe pafupi ndi magalamu 100 amenewo. Kachidutswa kofanana ndi nsonga ya chala chachikulu kamakwana malo onse otupa. Apa gel akuposa DMSO wamadzi: amakhala pamene mwamuika, satsetserekera kuchiboda, ndipo chubu chimodzi chimakufikitsani kumapeto a milungu iwiri kapena itatu imene mankhwalawa ali ndi phindu. Wamadzi wa 99 peresenti amaundana kukazizira kufika cha pa madigiri 18, ndiye m'nyengo yachisanu ya Juni ndi Julaye mumam'peza m'mawa ali gwa ngati mwala. Akatero muikeni botolo lotseka m'madzi ofunda, osati pamoto. Ndipo chivindikiro chizitsekedwa zolimba nthawi zonse, chifukwa DMSO amakoka chinyezi cha mumpweya n'kumasukuluka.

Zolakwika zambiri zimachitika musanatsegule n'komwe chubu. Mwendo uyenera kutsukidwa ndi madzi oyera, sopo yense achoke, ndipo uume bwinobwino. DMSO akakumana ndi madzi amatulutsa kutentha, ndiye mukapaka pa ubweya wonyowa hatchi imayamba kupondaponda ndi kudziluma, ena n'kumati mankhwala akugwira pomwe khungu likupsa. Pamwendopo pasakhale mankhwala othamangitsa ntchentche, liniment (mankhwala otikitira minofu), ayodini kapena utoto wa bandeji, pakuti zonsezo zilowa m'magazi limodzi ndi DMSO. Choopsa kwambiri ndi dibi wa nkhupakupa wa gulu la organophosphate. Ngati hatchi yapoperedwa mankhwala oterowo masiku apitawa, dikirani ndipo funsani dokotala wa ziweto kaye. Poti tatchula za dibi, tiwonjezere kuti uja wa amitraz amene timathira ng'ombe asayandikire hatchi ngakhale pang'ono, chifukwa amaimitsa matumbo.

Wopakayo avale magolovesi a labala okhuthala. Aja opyapyala ovala kamodzi amalowa mankhwala mukakhalitsa nawo. Mukamva kukoma kwa adyo m'kamwa pomwe simunadye adyo, dziwani kuti DMSO wakulowani kale. Fungo lomwelo limamveka m'mpweya wa hatchi ndi m'khola monse, ndipo palibe chochita nalo, n'kungolipirira basi. Amayi oyembekezera asagwire mankhwalawa. Musagulenso DMSO wa m'mafakitale chifukwa choti ndi wotchipa, poti zonyansa zimene zili mmenemo azipititsa m'thupi la hatchi chimodzimodzi.

Nkhani ya bandeji imagawa anthu. Splint yatsopano imafuna bandeji yothina pang'ono kuti chotupa chisakule, koma DMSO wotsekeredwa pansi pa bandeji akadali wonyowa amatulutsa matuza ndi kusosola ubweya, makamaka pa mahatchi a khungu lopyapyala ngati ma Thoroughbred, kapena pa mwendo wa ubweya woyera. Njira imene ife timaiona yotetezeka ndi iyi: m'mawa ziziritsani mwendo ndi madzi oundana kwa mphindi 20, pukutani, dikirani uume, pakani gel mopyapyala, musiyeni osamanga mpaka atalowa yense, kenako ikani thonje lokhuthala n'kumanga bandeji. Mangani miyendo yonse iwiri yakutsogolo, chifukwa winawo ukusenza katundu wa mnzake. Bandeji imasulidwe ndi kumangidwanso kawiri patsiku. Ija ya pulasitiki yotulutsa thukuta, imene ena amasakaniza DMSO ndi mafuta a pabala otchedwa nitrofurazone, si ya mwendo umene ukadali wotentha, ndipo ikaikidwa isapitirire maola 12. Khungu likayamba kufundula ngati mfundu, lekani kupaka kwa masiku angapo.

Tinene chilungamo pa chinthu chimodzi. Pa masiku oyambawo n'kovuta kulekanitsa ntchito ya Domoso ndi ntchito ya kupuma, madzi oundana ndi bute, mankhwala akumwa ochepetsa ululu ndi kutupa. Pafupifupi hatchi iliyonse yopakidwa DMSO imalandiranso zinazo. Ndipo mutatiuza kuti tisankhe chimodzi chokha, tingasankhe kupuma, kenako madzi oundana, Domoso n'kubwera pachitatu. Bute, amene dzina lake lonse ndi phenylbutazone, amabwera m'timapaketi ta galamu imodzi monga ta Equipalazone. Pa hatchi ya makilogalamu 450 chikalata chake chimati timapaketi tiwiri kawiri pa tsiku loyamba, kenako kamodzi m'mawa ndi kamodzi madzulo kwa masiku anayi, kenako kamodzi patsiku kapena kudumphitsa tsiku. Ameneyu ndi woti alembe dokotala, ndipo kum'pereka kwa milungu yambirimbiri kumabweretsa zilonda za m'mimba ndi m'matumbo, komanso kumawononga impso, makamaka hatchi ikamamwa madzi ochepa. Vuto lina la bute ndi lakuti amabisa ululu. Hatchi imaoneka ngati yachira, mwiniwake n'kuibweza kuntchito pa mlungu wachiwiri, kenako chotupa n'kubwerera chitakula kuposa poyamba.

Splint wamba, ikasamalidwa bwino, imazizira pakati pa masiku 30 ndi 45, ina imatenga miyezi iwiri kapena itatu. Chotupa chimatsala, koma chimakhala chozizira, cholimba, chosapweteka, ndipo pakapita miyezi chimaphwa pang'ono chokha. Chotupa chotero si matenda, ndi chipsera chabe. Kuchipaka Domoso kuti chichoke n'kulimbana ndi mtunda wopanda madzi.

Tsopano tifike pa hatchi imene yatichititsa kulemba zonsezi, ija yoti masabata 6 kapena 8 adutsa, chubu chachiwiri chatsala pang'ono kutha, koma ikathamanga trot (liwiro lapakati, loposa kuyenda) pa nthaka yolimba mutu ukudzukabe nthawi iliyonse mwendo wodwalawo ukaponda. Musanagule chubu chachitatu, nyamulani mwendowo, pindani bondo kuti mitsempha ya kumbuyo ifewe, ndipo yendetsani chala chachikulu pa kafupa kaja kuchokera pansi pa bondo mpaka pa kabatani. Dinani pamwamba pa chotupa, kenako lowetsani chala kumbuyo kwake, pakati pa kafupako ndi mtsempha waukulu wotchedwa suspensory. Chitani chimodzimodzi pa mwendo wabwino kuti musanamizidwe ndi hatchi imene imangodana ndi kugwidwa. Ngati pamwamba sipakupweteka koma kumbuyo hatchi ikukoka mwendo, nkhani yasintha.

Kutsimphina kosatha kotereku kumakhala ndi zifukwa zingapo, ndipo palibe n'chimodzi chomwe chimene DMSO angachithetse. Chofala ndi chakuti kafupako kanathyoka. Kakathyokera cha kumunsi, kumene n'kopyapyala, kawirikawiri pamakhalanso kuvulala kwa nthambi ya suspensory, ndipo kutupa kwake kumakhala kofalikira osati kachotupa kamodzi. Kakathyokera kumtunda chifukwa cha kumenyedwa ndi hatchi inzake, pamakhala bala, ndipo kachidutswa ka fupa lakufa kangatsalire mkati n'kumatulutsa mafinya osaleka. Pa bala lotseguka DMSO asapakidwe n'komwe. Chifukwa china n'chakuti fupa latsopano lija linamera cholowera mkati, ndiye likukhula suspensory nthawi iliyonse hatchi ikathamanga. Imeneyi ikapuma imaoneka bwino, ikangoyamba ntchito kutsimphina kumabwerera, ndipo kumakula pamene ntchito ikupitirira. Palinso imene amaitcha blind splint, yotupira mkati mokhamokha moti kunja simuona kanthu, ndi ina yomera pafupi kwambiri ndi bondo mpaka kukhudza mfundo. Ndipo nthawi zina chotupacho chilibe mlandu uliwonse: chinazizira kalekale, koma poti ndi chimene chikuoneka, aliyense akuloza icho pomwe ululu uli m'chiboda.

N'chifukwa chake ndalama ya chubu chachitatu ndi chachinayi ipite kwa dokotala. Choyamba chimene dokotala wodziwa ntchito amachita ndi kubaya mankhwala ochititsa dzanzi mozungulira chotupacho n'kuithamangitsanso hatchi. Ikasiya kutsimphina, ndiye kuti gwero ndi pomwepo. Ikapitiriza, kasakeni kwina. Kenako X-ray, ndipo ijambulidwe chopendekera, chifukwa mukajambula molunjika cannon imabisa kafupako. Mng'alu wopyapyala nthawi zina suoneka masiku oyamba, umadzaoneka patapita masiku 10 mpaka 14, choncho chithunzi choyera cha tsiku lachiwiri sichitseka nkhani. Pomaliza sikani ya ultrasound pa suspensory, imene eni mahatchi ambiri amaidumpha pofuna kupulumutsa ndalama. Ndi kulakwitsa kumeneko, pakuti tsogolo la hatchiyo limadalira kwambiri mmene mtsemphawo ulili kuposa mmene fupa likuonekera.

Zikadziwika, njira zilipo. Ngati fupa silinathyoke koma pamalopo pakadali moto, dokotala angabaye jekeseni wochepetsa kutupa wa corticosteroid mozungulira chotupa n'kumanga bandeji, ndipo izi zimathandiza kwambiri chotupa chisanalimbe. Ena amagwiritsa ntchito makina a shockwave, ogunda pamalopo ndi mafunde amphamvu, kawirikawiri maulendo atatu motalikirana milungu iwiri kapena itatu. Dziwani kuti shockwave imapha ululu kwa masiku angapo, ndiye hatchi ikaoneka bwino tsiku lotsatira si chizindikiro choti yachira. Ngati fupa likukhula suspensory, kapena kachidutswa kothyoka kakukana kulumikizana, yankho ndi opaleshoni: kusema chotupacho kapena kuchotsa mbali ya m'munsi ya kafupako. Hatchi imakhala bwinobwino popanda mbali ya m'munsiyo, koma mbali ya kumtunda pa mwendo wakutsogolo imasiyidwa, mwina n'kuimanga ndi kachitsulo, chifukwa ndiyo ikuchirikiza bondo. Vuto la opaleshoni yosema n'lakuti fupa likhoza kumeranso ngati bandeji ndi kupuma kwa pambuyo pake sizinatsatidwe. Zakale zija zootcha mwendo ndi chitsulo chamoto kapena kupaka mankhwala owaula khungu, ife sitikuzivomereza. Chimene chinkachiza pamenepo ndi miyezi yopuma imene hatchi inkakakamizidwa kukhala nayo chifukwa cha mabala.

Pa mafuta opaka, wopikisana ndi Domoso amene ndi woyenera kumutchula ndi Surpass, kirimu wa 1 peresenti diclofenac. Muyeso wake ndi mzere wa masentimita pafupifupi 13, kawiri patsiku, osapitirira masiku 10. Anavomerezedwa pa nyamakazi ya m'mfundo, koma madokotala amam'lemberanso pa splint. Alibe fungo, sawaula khungu ngati DMSO, ndipo sanyamula zonyansa kulowetsa m'thupi mwa njira ija. Pa hatchi ya khungu losachedwa kupsa, ife tingasankhe iyeyu. Domoso amapambana pa kuphwetsa msanga kutupa kwa madzi kwa masiku oyambirira. Onse awiri ali m'gulu la mankhwala amene malamulo a FEI, bungwe loyendetsa mipikisano ya mahatchi padziko lonse, salola kuti apezeke m'thupi la hatchi pa mpikisano, choncho wosamalira hatchi ya mpikisano azilemba tsiku lililonse limene wapaka, ndipo dokotala ndiye anene nthawi yolekera.

Pali zinthu ziwiri zimene zimabwezeretsa splint mobwerezabwereza, zomwe sizili m'chubu chilichonse. Choyamba ndi ziboda. Imani kutsogolo kwa hatchi ikuyenda pa simenti yosalala, muone ngati chiboda chikutera chonse nthawi imodzi kapena mbali ina ikuyamba kugunda. Khoma la chiboda likatalika mbali imodzi, katundu yense amapendekera, ndipo kafupa ka mkati ndi kamene kamalipira. Wokonza ziboda azibwera pa milungu 4 mpaka 6 iliyonse, ndipo auzidwe za splint kuti ayang'anitsitse msinkhu wa mbali ziwirizo. Hatchi yodzimenya ivale ma brushing boot pogwira ntchito. Amenewa sachiza kanthu, amangotchinga kuti chiboda chisagunde pachilonda. Avulidwe ntchito ikangotha, chifukwa amasunga kutentha, ndipo mchenga ukalowa mkati umakhula khungu mpaka kusupuka.

Chachiwiri ndi chakudya, makamaka kwa mahatchi aang'ono. Hatchi imafuna kashiamu wochuluka kuposa fosifolasi, pafupifupi magawo awiri pa limodzi. Madeya a chimanga ndi a tirigu ali ndi fosifolasi wambiri koma kashiamu wochepa kwambiri, ndipo udzu wa kikuyu, umene wadzaza m'madambo odyetsera ambiri ku South Africa, uli ndi oxalate amene amamanga kashiamu kuti asalowe m'thupi. Hatchi yodya madeya ambiri pa msipu wa kikuyu ikumenyedwa mbali zonse ziwiri, mafupa ake amafooka. Msipu wa lucerne kapena laimu wa zakudya za ziweto amakonza zimenezi pa mtengo wochepa. Kunenepa kwambiri nakonso kumalemetsa miyendo imene sinakhwime.

Pobwerera kuntchito, lamulo likhale chala, osati kalendala. Pamalopo pazikhala pozizira ndiponso posapweteka podina, hatchi itasiya bute kwa masiku osachepera atatu kapena anayi. Yambani ndi kuiyendetsa pamanja mphindi 10 mpaka 15 kawiri patsiku, muziwonjezera mphindi 5 mlungu uliwonse. Trot ibwere pambuyo pake, pa mzere wowongoka ndi nthaka yofewa yosalala, mphindi ziwiri kapena zitatu poyamba. Kuzungulitsa pa chingwe ndi kudumpha zikhale zomalizira, pakuti bwalo laling'ono limapotoza mwendo pamalo omwe akuchirawo. M'miyezi yachilimwe, nthaka ikauma gwa ngati konkire, thirani madzi pabwalo kapena dikirani. M'mawa uliwonse, musanapereke chakudya, ikani chikhatho pa miyendo yonse iwiri n'kuyerekeza. Mukamva kutentha kwabwerera, bwererani pa sitepe ya mlungu wapitawo, ziziritsani ndi madzi oundana, ndipo pa masiku awiri kapena atatu amenewo Domoso wotsala m'chubu uja angagwirenso ntchito.